MRI, CT kapena kachubu: njira iti yoonera mtsempha wa mu ubongo ataikamo sitenti?

Achemwali anga aakulu anabwerako ku Joni ndi zinthu zitatu zimene sanapite nazo: kakhadi kolimba ngati ka ku banki, CD imodzi mu envelopu ya khaki, ndi kaukonde ka waya m'kati mwa mutu. Anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba, monga amachitira anthu ambiri a kuno ku Mangochi. Tsiku lina chikope cha kumanja chinangogwa, ndipo akachikweza ndi chala ankaona zinthu ziwiriziwiri. Abwana awo sanazengereze, anathamangira nawo kuchipatala. Kumeneko anapeza kuti mtsempha wina wa magazi wa pansi pa ubongo unafufuma, ndipo chofufumacho chinkapanikiza mnyewa woyendetsa diso. Mwayi wawo unali woti chinali chisanaphulike.

Madokotala amati aneurysm. Wa kabaza aliyense amachidziwa chinthu chimenechi ngakhale sadziwa dzina lake: chubu cha njinga chikafooka pamalo amodzi, pamatuluka kathumba, ndipo ukapopa kwambiri mpomwe pamaphulikira. Pafupifupi anthu akuluakulu atatu mwa 100 alionse ali nako kathumba kotere, ambiri osadziwa mpaka kukalamba. Koma kakaphulika, magazi amakhuthukira mozungulira ubongo, ndipo ena safika n'kuchipatala komwe.

Masiku ano kathumba kambiri amakakonza osang'amba mutu. Amalowetsa kachubu kowonda mu mtsempha wa mphechepeche kapena wa pamkono, n'kukayendetsa mpaka kumutu, kenako amadzaza kathumbako ndi timawaya tofewa ta platinum, timakoyilo, kuti magazi aundane m'menemo. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Italy, Guido Guglielmi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo inafala kwambiri kafukufuku wamkulu wotchedwa ISAT atatuluka mu 2002. Ngati khomo la kathumbako ndi lotambalala, timawaya tija tingagwere mu mtsempha, ndiye amayala sitenti, kaukonde ka waya kaja, pakhomopo kuti itchinge. Ndi zimene anachita kwa achemwali. Palinso mtundu wina wa sitenti, wolukidwa mothinana kwambiri, wotchedwa flow diverter. Umenewu nthawi zambiri sufuna makoyilo. Umagwira ntchito ngati mpanda wa bango pakamwa pa kadambo ka m'mbali mwa Shire: madzi amalowabe koma mofooka, matope n'kumakhazikika pang'onopang'ono mpaka kadamboko kuuma.

Potuluka m'chipatala anawauza kuti ajambulitse pakatha miyezi isanu ndi umodzi, kenako pakatha chaka kapena chaka ndi theka, ndipo azipitiriza mwa apo ndi apo. Mawu osavuta kunena ku Johannesburg. Ukakhala ku Mangochi, funso loti ujambulitse ndi makina ati limakhudza thumba la banja lonse.

Chimene akufuna kuona n'chiyani?

Musanasankhe makina, dziwani mafunso amene dokotala ali nawo, chifukwa palibe makina amodzi amene amayankha onse bwino.

Loyamba: kodi kathumba katsekeka? Makoyilo amatha kuphwatalala pakapita nthawi, ngati thonje la mu pilo, magazi n'kuyambanso kulowa pakhomo. Mwa anthu oikidwa makoyilo, pafupifupi mmodzi mwa asanu kathumba kamatsegukanso pang'ono, ndipo pafupifupi mmodzi mwa khumi amafunika kumukonzanso. Pa lipoti mudzaona mawu oti Raymond-Roy, mayina a madokotala awiri a ku Montreal: kalasi 1 ndiye kuti katsekeka konse, kalasi 2 kwatsala pang'ono pakhomo, kalasi 3 magazi akulowabe m'kathumba momwe. Kwa wa flow diverter nkhani imayenda mosiyana, chifukwa kathumba sikatseka tsiku lomwelo. Pa kafukufuku amene anachititsa kuti sitenti ya Pipeline ivomerezedwe ku America mu 2011, pafupifupi atatu mwa anayi anali atatsekeka pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pofika zaka zisanu anali oposa asanu ndi anayi mwa khumi. Choncho kuona magazi akulowabe pa kujambula koyamba si chifukwa choti mulire maliro.

Lachiwiri: kodi m'kati mwa sitenti magazi akudutsa bwino? Thupi limakuta waya ndi kakhungu katsopano, zimene n'zofunika, koma nthawi zina kakhunguko kamanenepa mpaka njira kuchepa. Yankho la funso limeneli ndi limene limathandiza dokotala kugamula zoti, pa mankhwala awiri oletsa magazi kuundana amene wa sitenti amamwa, musiye liti clopidogrel n'kutsala ndi aspirin yekha.

Lachitatu, limene anthu amaliiwala: nanga ubongo wozungulira malowo uli bwanji? Pali kasitiroko kakang'ono kamene kanadutsa mwakachetechete? Pali kutupa?

DSA, mkulu wa onse

Iyi ndi njira ija ya kachubu. Amalowanso mphechepeche kapena pamkono, kukafika ku mitsempha ya m'khosi, n'kupoperamo utoto wa iodine kwinaku akujambula ndi X-ray kangapo pa sekondi iliyonse. Kompyuta imachotsa chithunzi cha mafupa, n'kutsala mitsempha yokha, magazi akuoneka akuyenda. Pa mafunso awiri oyamba aja palibe wopikisana nayo. Waya sauona ngati chopinga, ndipo imaonetsa ngakhale liwiro limene utoto ukulowera ndi kutulukira m'kathumba.

Koma ndi kulowa m'thupi, osati kujambula chabe. Kachubu kangathe kukanda khoma la mtsempha kapena kukankha kachibulumwa ka magazi oundana kupita ku ubongo. Kupuwala kosatha chifukwa cha zimenezi n'kosowa, sikufika ngakhale munthu mmodzi pa 100, koma kumachitika. Pobowola pamatha kutupa kapena kutuluka magazi, makamaka poti munthuyo akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Ngati alowera mphechepeche mumagona chagada maola angapo osapinda mwendo. Onjezani cheza cha X-ray, ndi utoto umene umalemetsa impso. Ndipo sizichitikira paliponse: pamafunika chipinda chake ndi dokotala wozolowera mitsempha ya mu ubongo. Kwa ife zinkatanthauza pasipoti, basi ya masiku awiri kudutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndi kusowetsa mtendere abale ogona m'kachipinda kamodzi ku Joni.

Pali chinthu chinanso chimene DSA siona. Imaonetsa kokha kumene utoto ukufika. Kathumba kakakulu kodzaza ndi magazi oundana kangaoneke ngati katha, pamene kakadali pomwepo kukankha ubongo. Nthawi zinanso mulu wa makoyilo umaphimba kampata kotsala kumbuyo kwake, ngati dokotala sanajambule kuchokera mbali yoyenera.

CT yokhala ndi utoto

Pano sindichedwapo. CT angiography ndi yachangu, mphindi zochepa basi, utoto amaubaya pamkono, ndipo makina a CT ndi osavuta kuwapeza kuyerekeza ndi a MRI. Vuto lake ndi platinum. Makoyilo pa CT amawala ngati nyali za asodzi a usipa usiku, kuwala kwake kumamwazikira mbali zonse n'kuphimba khomo lenileni limene mukufuna kuliona. Amene ali ndi makoyilo, monga achemwali, ndalama ya CT yoonera kathumba ndi yongotaya. Amene ali ndi flow diverter yokha popanda makoyilo, CT ingathandize ndithu kuona ngati sitenti yatambasuka bwino ndiponso ngati njira ili yotseguka. Cheza ndi utoto wa iodine zilipo ngati pa DSA, choncho si chinthu chobwereza chaka ndi chaka kwa munthu wa zaka makumi anayi amene adzafunika kumuyang'anira mpaka imvi.

Pamene CT ilibe mnzake ndi tsiku la ngozi. Mutu ukayamba kupweteka mwadzidzidzi ngati wina wakumenyani ndi chibonga, khosi kuuma, kusanza, mkono kapena mwendo kufooka, pakamwa kupotoka, mawu kusokonekera, musayambe kufunsa za MRI. Thamangirani ku chipatala cha boma ndi kakhadi kanu kolembedwa dzina la sitenti, akutumizeni ku Zomba Central kapena ku Gulupu. CT wamba, yopanda utoto, ndi imene imaonetsa msanga magazi ongotuluka kumene.

MRI, ndi tsiku limene tinalephera kudya

MRI sigwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Ndi maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, ndipo mungaibwereze kangati konse. Kujambula mitsempha nayo amati MRA. Chimene sitinkadziwa n'choti MRA si chinthu chimodzi. Makina omwewo angajambule m'njira zingapo, ndipo pa munthu wa sitenti njirazo zimapereka mayankho osiyana kwambiri.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana, tinasonkha ndalama, tinakwera minibasi mbandakucha, kudutsa pa Ulongwe ndi Liwonde, mpaka kumalo ena olipira kumene kuli makina a 1.5 tesla (umenewu ndi muyezo wa mphamvu ya maginito). Achemwali anatulukamo akugwira m'makutu, amvekere, "Achimwene, chigayo chenicheni, koma mutu wako uli m'kati mwake." Lipoti litabwera ndinaliwerenga kawiri pakhonde. Linati kathumba sikakuonetsa magazi olowa, koma pamalo a sitenti mtsempha ukuoneka wowonda kwambiri, ndipo sangatsutse kuti mwina watsekeka pang'ono. Ndinayang'ana chithunzi: mtsempha woyera bwinobwino, kenako kampata kakuda ngati wina wafufuta ndi labala, kenako woyeranso. Achemwali anafunsa kuti zalembedwa zotani. Ndinati zili bwino, koma nsima ya madzulo amenewo palibe anaimaliza.

Patatha masiku anayi, dokotala amene anawaika sitenti atatsegula zithunzi zonse zimene tinamutumizira, anayankha mwachidule kuti mdimawo ndi wa waya, si wa magazi. Wolemba lipoti uja sanalakwe. Ananena zimene chithunzi chinkaonetsa. Cholakwika chinali choti tinangopempha "MRI ya m'mutu", ndipo kakhadi tinakasiya mu sutikesi ku Mangochi.

Njira imene anagwiritsa ntchito tsikulo imatchedwa TOF, ndipo ndi imene mudzapatsidwe pafupifupi kulikonse ngati simunanene china. Sifuna jakisoni. Makina amagonthetsa chizindikiro cha zonse zimene zili chikhalire, ndiye magazi atsopano olowa m'deralo ndi okhawo amene amawala. Kwa munthu wa makoyilo okha njirayi ndi yabwino zedi, chifukwa platinum sasokoneza maginito kwenikweni, ndipo kampata ka magazi pakhomo kamaoneka bwino, mwina kuposa pa DSA. Sitenti ikabwerapo zinthu zimasintha pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chitsulo chimapotoza maginito pafupi nacho, chizindikiro cha magazi n'kubalalika makina asanachitole. Chachiwiri, ukonde wa waya wozungulira umatchinga mafunde a wailesi, monga momwe foni imatayira netiweki mukalowa mu kontena ya chitsulo ija amagulitsiramo katundu pamsika. Magazi alimo, akuyenda, koma makina sakuwamva bwino. Zotsatira zake TOF imakokomeza kuchepa kwa njira ya m'sitenti. Ikanena kuti njira ili yotseguka, mungaikhulupirire. Ikanena kuti yachepa, mpofunika kufunsanso.

TOF ili ndi misampha ina iwiri, ndipo imanamiza mbali zosiyana. Magazi amene akulowa m'kathumba mwaulesi, akuzungulirazungulira, amagonthetsedwa limodzi ndi zokhala chikhalire zija, ndiye kathumba kamaoneka kotseka pamene sikanatseke. Komanso magazi amene anaundana masiku kapena milungu ingapo yapitayo amawala okha pa zithunzi za mtundu umenewu, ndiye kathumba kotseka kamaoneka ngati kakulowabe magazi. Wa flow diverter misampha iwiri yonseyi imamukhudza, chifukwa ntchito ya sitenti yake n'kuchedwetsa magazi ndi kuwaundanitsa.

Njira yachiwiri ndi MRA ya jakisoni wa gadolinium. Mankhwalawa amawalitsa magazi kaya akuthamanga kaya akukwawa, choncho msampha wa magazi aulesi uja umatha, ndipo m'kati mwa sitenti mumaoneka bwinoko. Kwa wa sitenti ndi makoyilo, kapena wa flow diverter, ine ndinganene kuti ngati impso zili bwino musatuluke m'makina musanapatsidwe njira ziwiri zonsezi, TOF ndi ya jakisoni, pa ulendo umodzi. Ulendo ndiwo wodula. Mphindi zochepa zowonjezera n'zotsika mtengo kuposa kubwereranso. Zovuta zake nazi. Wojambula ayenera kutola chithunzi pa masekondi oyenera, apo ayi mitsempha yobweza magazi nayonso imawala n'kusokoneza, makamaka kuseri kwa diso kumene mtsempha waukulu umadutsa m'kati mwa dziwe la magazi obwerera. Ndipo kuyambira 2006 zinadziwika kuti kwa anthu amene impso zawo zinafooka kwambiri, mitundu ina ya gadolinium imayambitsa matenda oumitsa khungu ndi ziwalo za m'kati. Mitundu yatsopano chiopsezo chake n'chochepa kwambiri, komabe amene ali ndi shuga kapena BP ya zaka zambiri ayezetse kaye creatinine, muyezo wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo anyamule pepala la zotsatira. Mayi woyembekezera sapatsidwa gadolinium pokhapokha zitavutitsitsa. Woyamwitsa angathe kupitiriza kuyamwitsa.

Njira yachitatu ndi yatsopanoko, ndipo ndi imene inakonzedwa ngati yongoganizira anthu a sitenti. Pa makina a kampani ya GE imatchedwa Silent MRA, pa a Siemens pali ina yofanana nayo yotchedwa PETRA. Nzeru yake ndi yoti makina atole chizindikiro nthawi yomweyo, chitsulo chisanapeze mpata wochibalalitsa. Kampata kakuda kaja kamachepa kwambiri, magazi a m'sitenti ndi a pakhomo la kathumba n'kuoneka, popanda jakisoni. Phokoso la chigayo nalonso limatsika, n'chifukwa chake dzinalo. Imatenga nthawi yotalikirapo ndipo mutu ukagwedezeka chithunzi chimaonongeka. Si makina onse a MRI amene ali nayo, chifukwa ndi pulogalamu yogula padera. Kufunsa pafoni n'kwaulere, funsani. Kwa wa impso zofooka amene ali ndi sitenti, imeneyi ndiye njira yoyenera kuisakasaka.

Ndipo pa funso lachitatu lija, la ubongo womwe, MRI ilibe mpikisano. Pa ulendo womwewo imaonetsa tizipsera ta sitiroko, kutupa kozungulira kathumba, ndi kukula kwenikweni kwa kathumbako kuphatikizapo magazi oundana a m'kati. Kathumba kamene kakuphwa chaka ndi chaka ndi umboni wabwino woti sitenti ikugwira ntchito, ngakhale m'kati mwa wayamo musaoneke bwino.

Mphamvu ya maginito

Wina kwathu anatiuza kuti "ku Gulupu iliko MRI", ngati kuti basi nkhani yatha. Ku Queen Elizabeth Central Hospital kunafikadi makina a MRI mu 2008, a 0.35 tesla, obwera chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana amene ankatsogolera Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Anachita ntchito yaikulu: ndi amene anasonyeza, mu zotsatira zimene zinatuluka mu 2015, kuti ana ambiri omwalira ndi malungo amenewa amafa chifukwa cha kutupa kwa ubongo. Koma kuona ubongo wotupa ndi kuona kampata ka mamilimita awiri pambali pa waya ndi ntchito ziwiri zosiyana. Pa yachiwiriyi pamafunika makina a 1.5 kapena 3 tesla. Kulikonse kumene mukupita, funso loyamba likhale la nambala imeneyi.

Pakati pa 1.5 ndi 3 musavutike mtima. A 3 tesla amaonetsa timitsempha tating'ono mwakuthwa, koma mdima wa chitsulo nawonso umakula. Chofunika kwambiri n'choti, ngati n'kotheka, muzibwerera ku makina amodzimodzi ndi njira imodzimodzi, kuti chithunzi cha chaka chino chiyerekezedwe ndi cha chaka chatha popanda kukayikira kuti kusiyanako kwabwera ndi makina.

Kakhadi kaja ndiko kamagamula

Masitenti sanapangidwe ndi chitsulo chimodzi. Neuroform ndi Enterprise ndi a nitinol, chosakaniza cha nickel ndi titanium, ndipo maso a ukonde wake ndi aakulu, waya amaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a khoma la mtsempha. Amenewa sasokoneza MRI kwambiri, kupatula kumapeto kwake kumene kuli timadontho toonekera pa X-ray. Pipeline ndi yolukidwa ndi timawaya 48, tambiri ta cobalt ndi chromium, ndipo imaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mdima wake pa TOF ndi waukulu ndithu. Masitenti awiri oikidwa modutsana, kapena wina m'kati mwa mnzake, amadetsa koposa. Wojambula akadziwa zimenezi asanayambe, amasankha njira yoyenera, ndipo wolemba lipoti amadziwa mdima umene angaunyalanyaze.

Kakhadi komweko kamanenanso ngati chitsulocho chingalowe mu MRI ndiponso pa mphamvu yanji. Masitenti ndi makoyilo a masiku ano pafupifupi onse amaloledwa mpaka 3 tesla. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi munthu amene anang'ambidwa mutu kalekale n'kuikidwa kopanira kachitsulo pakhosi pa kathumba, chifukwa tina takale timakokedwa ndi maginito, ndipo kusuntha kwake kungaphe. Wotere asalowe mpaka mtundu wa kopanirako utadziwika. Chimodzimodzi wa batire la mtima, ndi amisiri owotcherera kapena onola zitsulo amene kachidutswa kanawalowapo m'diso.

Ndiye nditani ine?

Ngati muli ndi makoyilo okha, TOF pa makina a 1.5 kapena 3 tesla ikukwanirani, ndipo ulendo wa DSA ungadikire mpaka pamene MRA yaonetsa kusintha.

Ngati muli ndi makoyilo ndi sitenti ya nitinol, monga achemwali, pemphani TOF pamodzi ndi ya gadolinium, kapena Silent ngati ilipo. Zipatala zambiri zimakonda kuchita DSA kamodzi m'chaka choyamba, ndipo ngati dokotala wanu wanena choncho, nzeru ndi yoti mujambulitsenso MRA masiku oyandikana nawo. Mukatero mumakhala ndi chithunzi cha MRA chimene DSA yachichitira umboni, ndipo zaka zotsatira mumangoyerekeza ndi chimenecho muli konkuno.

Wa flow diverter, makamaka ya cobalt, ndiye amene sindingamulimbikitse kuthawa DSA ya m'chaka choyamba ngati dokotala waifuna, ngakhale zitafunika kugulitsa mbuzi. Chigamulo chosiya clopidogrel n'chachikulu, ndipo kuchitenga potengera chithunzi chimene pakati pake pali mdima n'kutchova juga. Ulendo ukakanikiratu, dokotalayo auzidwe poyera kuti sizitheka. Angasankhe MRA ya jakisoni, mwinanso ndi CT ngati mulibe makoyilo, kuti ziwirizo zithandizane. Kathumba kakatsimikizika kuti katseka pansi pa flow diverter, sikawirikawiri kutsegukanso, ndipo kuchokera pamenepo MRA ya apo ndi apo imakwana.

Pa zonsezi, mankhwala asasiyidwe ndi munthu wina aliyense kupatula dokotala wa sitentiyo, ngakhale wozula mano atapempha. Sitenti imene thupi silinaikute ingaundanitse magazi m'masiku ochepa chabe. Popeza kuno ambiri timasala m'mwezi wa Ramadhan, funsani pasadakhale za nthawi yomwera. Aspirin ndi clopidogrel amamwa kamodzi patsiku, choncho kuwasunthira ku nthawi yomasula sikuvuta, kusiyana n'kuwadumpha. Ndipo tsiku la utoto wa iodine lisakhale tsiku loti mwakhala osamwa madzi kuyambira m'mawa pa kutentha kwa kuno. Fodya ndi BP yosasamalidwa ndizo zimafooketsa mitsempha poyambirira pomwe. Makina a BP amapezeka ngakhale pa zipatala zing'onozing'ono, safuna minibasi.

Ulendo wachiwiri

Kuchoka pa Boma kukafika ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo wochokera ku Makanjira kapena ku Namwera wayamba kale kutopa asanaoloke n'komwe mlatho wa Bakili Muluzi. Choncho ulendo wachiwiri tinaukonza pafoni tisananyamuke. Ndinafunsa mphamvu ya makina, ndinawawerengera dzina la sitenti kuchokera pa kakhadi, ndinafunsa ngati gadolinium alipo tsikulo ndiponso ngati akufuna zotsatira za impso, ndipo ndinapempha kuti zithunzi zonse atiikire pa CD kapena pa fulashi. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuposa momwe imamvekera. Kujambula filimu ndi foni pawindo n'kutumiza pa WhatsApp sikuthandiza dokotala wa kutali. Chithunzi chokongola cha mitsempha yonse chija ndi chimene kompyuta yasonkhanitsa, ndipo ndi chimene chimakokomeza mdima wa sitenti. Iye amafuna timagawo tonse tating'onoting'ono, mazanamazana, kuti adutsemo kamodzikamodzi. CD ya ku Joni ija tinainyamulanso kuti wolemba lipoti aone pamene tinayambira.

Pakhomo la chipinda cha makina, mayi wojambula anatulutsa kambale ka pulasitiki. Achemwali anaikamo ndolo, mphete, makiyi a nyumba, kenako anayamba kuzula mapini a mumpango, limodzi, lachiwiri, lachitatu. Mayiyo anadikira osanena kanthu, dzanja lili chitambasulire.

"Atha, anamwino," anatero achemwali.

"Amayi, gwiraninso kumbuyoko."

Linatuluka lachinayi. Anawapatsa zotseka m'makutu ndi kampira kofinya akachita mantha, n'kuwauza kuti jakisoni akamalowa amva kuzizira pamkono, asagwedeze mutu. Zinatenga mphindi pafupifupi makumi anayi. Pa zithunzi za TOF kampata kakuda kaja kanali pomwepo, kofanana ndendende ndi ka ulendo woyamba. Pa za gadolinium mtsempha unaoneka wopitirira kudutsa m'sitenti monse, wotuwirako pang'ono pakati, ndipo pakhomo pa kathumba panalibe chowala. Lipoti linati Raymond-Roy kalasi 1. Dokotala wa ku Joni atazionanso anawauza kuti asiye clopidogrel, apitirize aspirin, ndipo adzajambulitsenso pamalo omwewo pakatha chaka. Kakhadi kaja tinakachita fotokope katatu, ndipo pepala limodzi tinalimata ndi selotepi m'kati mwa chikuto cha buku lawo la kuchipatala.